H. H. Stephenson, Munthu Wodyera Masewera a Kiriketi

Masewera a kiriketi sadziwika kwenikweni m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, kumene ana amakonda mpira wamiyendo ndi fulaye. Koma mphunzitsi sangavutike kuwalongosola: munthu mmodzi aponya kampira kolimba kuti agwetse timitengo titatu tozika pansi, ndipo wina aimirira patsogolo pa timitengoto ndi thabwa, namenya kampirako kuti kapite kutali.

M'masiku a Mfumukazi Victoria osewera a ku England anali a magulu awiri. Ena anali eni chuma, ongosewera kuti akondwe, ndipo ankatchedwa Gentlemen. Ena anali ana a anthu wamba, olandira malipiro monga munthu wa ganyu. Amenewa ndiwo Players. Ngakhale akhale a mbali imodzi, pa mabwalo ena otchuka ankavalira m'zipinda zosiyana ndi kulowera pa zipata zosiyana. Kusiyanitsa kumeneku kunatha mu 1962.

Heathfield Harman Stephenson anali wa gulu lachiwirilo. Iyeyu anabadwira ku Esher, m'dera la Surrey, mu 1833. Mu 1858, akusewera ku Sheffield, anagonjetsa anthu atatu ndi mipira itatu yotsatana, kotero kuti anthu anasonkha ndalama namugulira chipewa. Mawu akuti hat-trick, amene amamveka pa wailesi munthu akagoletsa zigoli zitatu, anthu amati anayambira pamenepo, pakuti hat ndicho chipewa m'Chingerezi.

Mu 1861 anatsogolera gulu loyamba la Angerezi kupita ku Australia, ulendo wa miyezi iwiri pa nyanja. Ulemu wotere ukadagwera mwini chuma, koma pa ulendowo onse anali olipidwa okhaokha.

Tsono vuto la munthu wodyera mkono wake ndi lakuti mkono umakalamba msanga, ndipo anzake ambiri anatsiriza moyo wawo ali amphawi. Stephenson anapulumuka chifukwa cha uphunzitsi. Mu 1872 analembedwa ntchito pa sukulu ya Uppingham, kumene anaphunzitsa anyamata kiriketi zaka 24, kufikira imfa yake mu 1896. Anyamatawo anali ana a eni chuma, ndipo amene mwa iwo anatchuka pa masewerawa anakalowera pa chipata chija cha Gentlemen, chimene sichinali cha mphunzitsi wawo.