ZA MAVALAVU A WAILESI NDI CHINTHU CHOTCHEDWA BIAS

Anzanga ambiri akhala akundifunsa chimene chinachitika m'chipinda cha Sayansi Loweruka lija la teremu yachiwiri, pamene fungo la chinthu chopserera linamveka kufikira pakhonde. Ena akuti tinawotcha wailesi ya Sukulu, ena akuti mnyamata wina anagwidwa ndi nyesi. Zonsezi si zoona ayi. Chimene chinapsa ndi valavu imodzi, ndipo amene anaiwotcha ndine ndemwe. Popeza Mkonzi wandipatsa malo m'magazini muno, ndaganiza zofotokoza mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, kuti kulakwa kwanga kupindulitseko ena.

M'kalabu yathu ya Sayansi tili ndi thiransimita yakale, ndiko kuti makina otumizira mafunde a wailesi. Anaipanga ndi manja ake mkulu wina mwa anthu aja amene amachita za wailesi mwa kukonda chabe, osalandirapo malipiro, namachezerana ndi anzawo a m'maiko akutali. Aliyense wa iwo ali ndi dzina lake la pa wailesi, ndipo maina a kuno ku Malawi amayamba ndi 7Q. Munthu saloledwa kutumiza mafunde m'mlengalenga popanda chiphaso chochokera ku MACRA. Ife tilibe chiphasocho, chotero mphamvu ya makina athu sitiipititsa ku eriyo. Timaipatsa babu la mawati 60, ndipo kuwala kwa babulo ndiko kumatiuza kuti makina ali kugwira ntchito.

Valavu yoyamba adaipanga John Ambrose Fleming ku London m'chaka cha 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America adaonjezamo kawaya kachitatu kamene kadachititsa kuti valavu izitha kukuza mafunde. Thiranzisita itatulukira mu 1947 idayamba kulanda malo a valavu pang'onopang'ono, kotero kuti lero simungapeze valavu m'foni kapena m'wailesi ya m'nyumba. Koma pa ntchito yokuza mafunde kufikira mawati mazanamazana, eni mawailesi ambiri akugwiritsabe ntchito mavalavu kufikira tsopano.

Valavu ndi botolo lagalasi limene anachotsamo mpweya wonse. Pakati penipeni pali kathodi, kachitsulo kotenthedwa ndi kawaya koyaka ngati ka m'babu. Ikatentha imatulutsa tinthu tating'onoting'ono ta magetsi totchedwa maelekitironi. Chakunja kuli puleti, chitsulo chimene timachipatsa mavolti ambiri a pozitivu kuti chizikoka maelekitironiwo. Pakati pa ziwirizi pali giridi, kawaya kopyapyala kokulungidwa mosiya mipata, ngati mpanda wa bango wosathithikana. Valavu yathu yaikulu, nambala yake 807, ili ndi giridi yachiwirinso yotchedwa sikirini, imene imathandiza puleti kukoka.

Kuti timvane bwino, tiyeni tiganize za chinthu chimene tonse tichidziwa. Belu la nsima likalira, anyamata onse amatuluka m'mahositelo kuthamangira ku dainingi, ndipo pakhomo pamaima pulifekiti. Hositelo ndiyo kathodi, anyamata ndiwo maelekitironi, nsima ndi nyemba zimene zikuwakoka ndiyo puleti, ndipo pulifekiti ndiye giridi. Iye ndi munthu mmodzi yekha, alibe mphamvu yoposa ya anyamata mazana atatu, koma akangokwinya nkhope mzere wonse umabwerera m'mbuyo, akamwetulira pang'ono khamu limakhamukira m'kati. Giridi nayo ili chomwecho. Maelekitironi ndi a negetivu, ndipo zinthu ziwiri za negetivu zimakankhana. Tikaipatsa giridi mavolti a negetivu poyerekeza ndi kathodi, imabweza maelekitironi ena; tikaonjeza negetivuyo, imatseka njira yonse. Kafunde kofooka kakafika pa giridi nikasintha mavolti ake pang'ono, magetsi opita ku puleti amasintha kwambiri motsanzira kafundeko. Uku ndiye kukuza, ntchito ya ampulifaya.

Tsono bias nchiyani? Ndi mavolti a negetivu amene timaika pa giridi funde lisanafike nkomwe, ndiko kunena ukali umene pulifekiti amadzuka nawo m'mawa asanaone munthu aliyense. Kuchuluka kwake ndiko kumalamula mmene valavu iti igwirire ntchito, ndipo akatswiri adagawa magwiridwe amenewa m'magulu a zilembo.

M'gulu A, bias ndi yochepa, chitseko chimakhala chotsegula theka nthawi zonse, ndipo magetsi amayenda pa funde lonse. Mawu amatuluka oyera bwino, koma valavu imadya magetsi ngakhale palibe wolankhula, ndipo siingabweze koposa theka la mphamvu imene yadya. Kawirikawiri imabweza zocheperapo ndithu. M'gulu B, bias imafika pamene chitseko changotsekeka kumene, ndipo magetsi amayenda pa theka la funde lililonse. Pa pepala valavu yotere ikhoza kubweza magawo 78 mwa 100, koma pa ntchito yeniyeni imabweza ngati 60. Pakati pa awiriwa pali gulu AB. M'gulu C, bias imapitirira potsekera paja, kotero kuti chitseko chimatseguka kanthawi kochepa chabe pamene funde lafika pamwamba penipeni. Gulu limeneli ndilo losawononga magetsi koposa onse, pakuti limabweza magawo 65 kufikira 80.

Wina afunsa kuti, nanga valavu ikamapereka zidutswa za funde zokhazokha, funde lathunthu lichokera kuti? Yankho lili pa katungwe. Munthu wokankha mnzake pa katungwe sathamanga naye ulendo wonse. Amangomukankha kamodzi akafika pafupi, katungwe namaliza yekha ulendo wopita ndi wobwera. Ku puleti kumalumikizidwa koilo ndi kapasita, ndipo ziwirizi zikachunidwa bwino zimachita ngati katungwe wa magetsi. Makina athu amakankha katungwe wotere ka 7 miliyoni pa sekondi imodzi. Koma gulu C limayenera mafunde osasintha msinkhu okha, monga a Morse ndi a FM. Mawu a mtundu wa SSB, umene eni mawailesi ambiri amalankhulirana nawo, amakwera ndi kutsika msinkhu pamodzi ndi liwu la munthu, ndipo gulu C likhoza kuwaphwanya. Amenewo amafuna gulu AB.

Tsopano tiwerengere za kutentha, pakuti mpamene pagona nkhani yanga. Mphamvu imene valavu imadya timaipeza pochulukitsa mavolti ndi maampeya. Pepala la kampani ya RCA, imene idatulutsa 807, limasonyeza kuti pa Morse valavuyi ikhoza kupatsidwa mavolti 600 ku puleti, 250 ku sikirini ndi 45 a negetivu ku giridi, ndipo puleti imakoka mamiliampeya 100, ndilo gawo limodzi mwa magawo khumi a ampeya. Mavolti 600 kuchulukitsa ndi 0.1 atipatsa mawati 60. Mwa amenewa, mawati 40 amatuluka kunka ku eriyo, kapena ku babu lathu lija, ndipo 20 otsalawo amasanduka kutentha pa puleti. Puleti ya 807 imapirira mawati 25 pa ntchito yosalekeza. Mwaona kuti malo otsala ndi ochepa, mawati asanu okha.

Pali njira zitatu zopezera bias. Yoyamba ndiyo kuitenga ku batire kapena ku gwero lake lapadera la magetsi. Imeneyi imakhalapo nthawi zonse. Yachiwiri ndiyo kuika rezisita kunsi kwa kathodi: magetsi akachuluka, mavolti a pa rezisitayo amachulukanso nakhala bias, kotero valavu imadziweta yokha, ngakhale kuti mavolti ena amatayikira pamenepo. Yachitatu ndiyo yotsika mtengo koposa, ndipo ndiyo imene mkulu uja anasankha. Funde lolowa likakhala lamphamvu, giridi imagwirako maelekitironi pang'ono, ndipo amenewa pobwerera amadzera m'rezisita. M'makina athu rezisitayo ndi ya maohmu 15,000, magetsi a giridi ndi mamiliampeya 3, ndipo mukachulukitsa mupeza mavolti 45 enieni aja. Nzeru yake ndi yokoma, koma ili ndi mbuna: bias imeneyi imabadwa ndi funde lolowa. Funde likaleka, bias nayo yatha, pulifekiti wachoka pakhomo.

Ine zimenezi sindinali kuzidziwa Loweruka lija. Makina anali kuyaka, babu likuwala bwino, muvi wa mita uli pa 100, ndipo Aphunzitsi anali atatembenukira ku bolodi kujambula chithunzi cha mawaya. Kamnyamata kena ka Fomu 1 kanandifunsa kumene mafunde amayambira. Pofuna kudzionetsa kuti ndine katswiri, ndinazula kirisitalo imene ili kutsogolo kwa makina, kamwala kamene kamalamula valavu yaing'ono yopanga mafunde, ndi kuyamba kufotokoza. Babu linazima nthawi yomweyo, ine ndinayesa kuti makina apumula. Pamenepo mpamene ndinalakwira kwambiri. Kuzima kwa babu kunatanthauza kuti palibe mphamvu imene ikutuluka, osati kuti palibe imene ikulowa. Chitseko chinali pululu, muvi unali utadutsa 150, ndiko kuti mawati oposa 90, ndipo onsewo anali kuthera pa puleti yoyenera kusenza 25.

Ndinalankhula nthawi ndithu, kufikira kamnyamatako kanaloza m'bokosi nikati, "Akulu, taonani, botolo lija lafiira!" Puleti inali psuu ngati khala la moto, fumbi la m'makina likununkha. Aphunzitsi analumpha nazimitsa swichi. Itazizira tinaiyesanso, koma m'kati pakati pa zitsulo munaoneka kuwala kwa mtundu wa bii, chizindikiro chakuti zitsulo zotenthazo zinatulutsa mpweya m'botolo, ndipo babu linangofiira pang'ono. Kalabu inali ndi mavalavu a 807 awiri okha. Tsopano yatsala imodzi.

Ndinayembekezera kukumba dzenje, koma Aphunzitsi anangoti, "Iwe, tenga pepala la valavuyi ukaliwerenge. Loweruka likudzali udzatiuze chimene chaipha ndi mankhwala ake." Chilango chimenecho chinandisautsa koposa khasu, koma ndicho chabala nkhani ino. Mankhwala amene tinapangana ndi mabatire asanu a mavolti 9, olumikizidwa mondondozana kuti apereke 45, mbali ya negetivu kunka ku giridi. Titaika valavu yotsalayo, Aphunzitsi anandiuza kuti ndizulenso kirisitalo. Dzanja langa linanjenjemera, koma nditazula muvi unagwa kufika pafupi ndi 0, puleti ili yakuda bii monga mwa masiku onse. Pulifekiti watsopanoyu sachoka pakhomo.

M'maampulifaya a SSB bias amaichuna ndi kachitsulo kopotokola, akuyang'ana mita pamene palibe wolankhula. Mwachitsanzo, buku la wailesi ya Kenwood TS-830S, imene ili ndi mavalavu awiri a 6146B, limalamula mamiliampeya 60 pa nthawi yopuma yoteroyo. Bias ikachepa, magetsi opuma amakwera ndipo mavalavu amakalamba msanga ndi kutentha. Ikachuluka, mavalavu amazizira bwino koma mawu amatuluka osasa, namwazikira m'malo a mafunde a anthu ena, monga munthu wolimira m'munda wa mnzake. Ndiponso valavu iliyonse ili ndi manambala akeake. Valavu yaikulu ya 3-500Z, imene imapezeka iwiriiwiri m'ampulifaya ya Heathkit SB-220, imapirira mawati 500, imafuna bias ya mavolti ochepa chabe ngakhale puleti yake ili ndi mavolti oposa 2,000, ndipo kufiira pang'ono kwa puleti yake pa ntchito yolemera si matenda. Kwa 807 kufiira komweko ndi imfa. Chifukwa chake munthu asaloweze manambala a valavu imodzi ndi kuyesa kuti wadziwa onse. Ayambe wawerenga pepala lake.

Sindingatsirize osanena za ngozi, pakuti valavu igulidwa koma munthu sagulidwa. Mavolti 600 akhoza kupha, ndipo makapasita amasunga magetsi ngakhale swichi itazimitsidwa. M'kalabu yathu malamulo ndi awa: palibe wotsegula bokosi Aphunzitsi palibe, tisanakhudze kanthu m'kati timazula pulagi ndi kutaya magetsi a m'makapasita ndi ndodo yake yokhala ndi waya wopita ku chitsulo cha bokosi, poyesa mavolti dzanja limodzi limakhala m'thumba, kuti nyesi isadutse pamtima. Poyatsa timayamba ndi kawaya kotenthetsa kathodi pamodzi ndi bias, tidikire kanthawi, mavolti aakulu pambuyo. Ndipo maso amakhala pa mita, osati pa babu.

Valavu yakufayo sitinaitaye. Ili pa shelefu ya m'chipinda cha Sayansi, ndipo Aphunzitsi anamatapo kapepala kolembedwa masamu aja a mawati 90. Amene afuna kuiona, kapena kuona mnzake yamoyoyo ikuyatsa babu popanda waya wochokera kukhoma, abwere Loweruka lililonse nthawi ya 2 koloko masana. Kirisitalo tsopano mukhoza kuizula popanda choopsa, koma muyambe mwapempha.

Mnyamata wa Fomu 3