Nsanja ya Nyali Imene Idabisala M'mitambo

Omvera a m'mbali mwa nyanja ku Karonga, kuyambira ku Kaporo mpaka ku Chilumba, akudziwa bwino ntchito ya nyali pamadzi usiku. Asodzi a usipa amaonana ndi nyali zawo, ndipo wobwerera kumtunda amayang'ana kuwala kwa padooko kuti asaphonye pokocheza. Pa nyanja zikuluzikulu za mchere, maboma adamanga nsanja zazitali zokhala ndi nyali pamwamba, zochenjeza sitima kuti zisagunde matanthwe. Nkhani ya lero ndi ya nsanja imodzi yotere, imene idaleka ntchito chifukwa idamangidwa pamwamba koposa muyeso.

Nsanjayi ili pa Cape Point, kummwera kwa mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa, kumene Amalawi ambiri akhala akupita kukagwira ntchito. Pamalopa mtunda umathera m'nyanja ngati nsonga ya mkondo. Mphepo yake ndi yaukali ndipo pansi pa madzi pali matanthwe obisika. Mpwitikizi wina, Bartolomeu Dias, adazungulira chigawochi m'chaka cha 1488, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sitima zambiri zaphwanyikirapo.

Pofuna kuchepetsa ngozi, boma la Angerezi limene linkalamulira ku Cape lidaitanitsa nsanja yachitsulo kuchokera ku Mangalande. Idabwera zidutswazidutswa, amisiri nailumikiza pamsonga penipeni pa phiri. Nyali yake idayatsidwa m'chaka cha 1860. Nsanjayo payokha ndi yaifupi, koma phiri limene idakhalapo lidaikweza mamita oposa 230 kuchokera pamadzi. Alonda ake ankakhala pomwepo, kutali ndi anzawo, ndipo ntchito yawo idali kuthira mafuta, kupukuta magalasi ndi kuonetsetsa kuti moto usazime mpaka mbandakucha.

Omanga adaganiza kuti nyali ikakwera kwambiri idzaoneka kutali. Usiku wopanda mitambo zidalidi choncho. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense amene adayang'anapo mapiri a Livingstone, tsidya la nyanja kuchokera ku Karonga, adaona kuti mitambo imayamba kukuta pamsonga, m'munsi muli poyera. Ndi mmenenso zimakhalira pa Cape Point. Nkhungu ikatsika, nyali inkawala m'kati mwa mtambo, amalinyero ali pansi osaona kanthu. Vuto lachiwiri lidali lakuti pa usiku woyera sitima zinkaiona msanga, oyendetsa nayamba kukhota nthawi isanakwane, motero ankayandikira matanthwe.

Tsoka lalikulu lidagwa usiku wa pa 18 Epulo, 1911. Sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania, yochokera ku Lourenço Marques, kumene lero ndi ku Maputo, idagunda thanthwe la Bellows Rock, kummwera kwa nsongayo. Idanyamula anthu oposa 700. Ambiri adapulumutsidwa, koma anthu 8 adamira pamene bwato limodzi lopulumutsira anthu lidagudubuzika. Omvera asaisokoneze ndi Lusitania ina ya Angerezi, imene Ajeremani adaimiza m'chaka cha 1915.

Ngoziyi idachititsa akuluakulu kuvomereza kuti malo a nyali adalakwika. Nsanja yatsopano idamangidwa m'munsi, pafupi ndi madzi, mamita 87 okha kuchokera panyanja, ndipo idayatsidwa m'chaka cha 1919. Kumeneko nkhungu siifika kawirikawiri. Phiri lomwelo limaibisa mbali ina, kotero kuti sitima imaiona pokhapokha itafika pamtunda wabwino wokhotera. Nyaliyi imaphethira katatu, nkupuma, nkubwerezanso. Nsanja iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, ndipo mmalinyero akawerenga kuphethirako amadziwa malo amene ali ngakhale mu mdima wandiweyani.

Nsanja yakale idazimitsidwa koma sidagwetsedwe. Idakalipo, ndipo alendo ambiri amakwera phirilo kukaiona, ena pa makwerero, ena pa kangolo koyenda pa njanji.

Masiku ano sitima zikuluzikulu, ngakhale mafoni a m'manja, zili ndi makina osonyeza malo pogwiritsa ntchito masetilaiti. Komabe makina amafa ndipo batire limatha, pamene nyali imaoneka kwa aliyense amene ali ndi maso. Nkhani ya pa Cape Point ikukhudza tsono aliyense woika chizindikiro padooko, kaya ndi pa Chilumba pamene pakhala pakukocheza Ilala, kaya ndi pagombe la asodzi. Woika nyali asakhutire ndi mmene ikuonekera iye ali pamtunda. Ayambe wafunsa amene amayenda pamadzi usiku wa mwera, pakuti iwowo ndiwo akudziwa pamene kuwala kumaoneka ndi pamene kumabisika.