MAKATA, NZAMA NDI MTEDZA: MALANGIZO KWA OVUTIKA M'MIMBA

Ife a muno m'Chiradzulu ndife alimi a nandolo, khobwe, nzama ndi mtedza. Pa msika wa pa Boma, ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo, munthu sasowa makata, nzama zophika ndi mtedza wokazinga. Koma alipo ena amene akadya zimenezi mimba ifufuma ndi kupota, ndipo atsekula kapena kudzimbidwa. Zikachitika chotere miyezi yambiri, koma dokotala osapeza chilonda kapena njoka za m'mimba, nthendayo aitcha irritable bowel syndrome, mwachidule IBS. Odwala ena amalekeratu zakudyazi. Kutero si nzeru, pakuti zimenezi ndizo nyama ya munthu wa kumudzi.

Chifukwa chake n'chiyani?

M'mbewu za mtundu wa nyemba muli shuga wina amene thupi la munthu silingathe kugaya. Shugayo apitirira mpaka m'matumbo aakulu, m'mene tizilombo tosaoneka ndi maso timsasitsa monga mowa usasa mumtsuko, ndipo patuluka mpweya. Izi zichitika kwa aliyense, koma matumbo a wodwala IBS amva kuwawa msanga akafufuma. Akatswiri a pa yunivesite ya Monash ku Melbourne, m'dziko la Australia, anayamba kulemba za shuga wotere m'chaka cha 2005, ndipo pambuyo pake anaonetsa kuti kumchepetsa kuthandiza odwala ambiri.

Chofunika kudziwa ndi ichi: shugayu asungunuka m'madzi. Motero kuphika kumchepetsa ngati mutaya madziwo, koma kukazinga sikumchotsa ayi.

Muchite chiyani?

1. Nzama, khobwe ndi nandolo wouma viikani usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, phikani m'madzi atsopano, ndipo msuzi wake musamwe.

2. Yambani ndi masupuni awiri okha. Musadye mbale yonse ya makata nthawi imodzi.

3. Mtedza uli ndi shugayu pang'ono. A ku Monash anapeza kuti njere 32, ndiwo magalamu 28, odwala ambiri adya popanda vuto. Koma mtedza wachuku tayani, pakuti uwononga chiwindi.

4. Soya wokazinga ndiye avuta kwambiri. Anyezi ndi adyo nazonso zifufumitsa mimba.

5. Mimba ikavutabe, lekani zonse milungu iwiri kufikira isanu ndi umodzi. Kenaka bwezerani chakudya chimodzi masiku atatu, musanayese china. Lembani m'kope chimene mwadya ndi m'mene mwamvera, pakuti matumbo a anthu asiyana.

Chenjezo

Musadziyeze nokha. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi likutentha, mukuwonda, kapena mukudzuka usiku ndi kutsekula, musaganize kuti ndi nyemba chabe. Pitani msanga ku chipatala cha pa Boma kapena ku Nguludi akakuyezeni.

Aphunzitsi ndi mafumu, werengerani mawu awa anzathu amene sadziwa kuwerenga.