Mmene Mankhwala a Khansa Amaphera Maselo a Chotupa

Mwana wa kudera la Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, akatupa nsagwada kapena mimba mofulumira, amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kukapimidwa khansa ya Burkitt lymphoma. Khansayi, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, imakula msanga kwambiri. Imaphweranso msanga mankhwala akangoyambika, ndipo apa ndi pamene makolo ena amaganiza kuti mwana wachira.

Selo la m'thupi likawonongeka limadzipha lokha mwadongosolo. Asayansi amatchula zimenezi kuti apoptosis. Maselo a khansa amazemba imfa imeneyi n'kumangochulukana, choncho mankhwala amawavulaza kuti adziphe.

Mankhwala a cyclophosphamide amamata ulusi wa DNA kuti usakopedwe. Puloteni yolondera selo, yotchedwa p53, ikaona kuti vutolo silingakonzeke, imatumiza uthenga ku mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo. Tizigawoti timabooka n'kutulutsa cytochrome c, imene imadzutsa mapuloteni otchedwa caspase. Amenewa amaduladula selo kuchokera m'kati. Selo limafota n'kusanduka tizidutswa, ndipo maselo oteteza thupi amatimeza.

Vincristine, wochokera ku duwa la periwinkle, amagwira selo pamene likugawikana. Amawononga timaulusi tokoka ma chromosome kupita mbali ziwiri, ndipo selo likalephera kugawikana limafa. Kuwiritsa duwali kunyumba sikuchiza khansa ndipo n'koopsa.

Mankhwalawa amapha kwambiri maselo amene akugawikana pa nthawiyo. Ena amapulumuka, ndipo ngakhale chotupa chitaphwa, otsalawo amachulukananso. Ndi chifukwa chake mankhwala amaperekedwa maulendo angapo. Mpata wa pakati pa maulendowo ndi woti maselo abwino, a m'mafupa opanga magazi, a m'kamwa ndi a tsitsi, achire.

Ntchito ya alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka ndi kudziwa tsiku lobwerera kuchipatala la wodwala aliyense, ndi kukambirana ndi banja za thiransipoti tsikulo lisanafike. Wodwala azimwa madzi ambiri, chifukwa zotsalira za maselo akufa zimalemetsa impso. Akatentha thupi atalandira mankhwala, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakhala chitatsika.