MUSANAGULITSE NG'OMBE KULIPIRIRA SUKULU YA TINDEKE TA DRONE

Masiku ano ukwati ukacitika pa boma la Katete kapena ku Petauke, si cacilendo kumva kulira konga kwa njuci pamwamba pa mitu ya anthu. Ana amathamanga naloza kumwamba, nazo nkhalamba zimaika dzanja pamphumi kuti zione bwino. Cimene cikulira ndi kandeke kakang'ono ka mapiko anai ozungulira, kamene pa Cingelezi amakacha drone. M'kati mwake mulibe munthu. Mwini wake amaima pansi pa mtengo, m'manja ali ndi kabokosi koyendetsera, ndipo zonse zimene kandekeko kakuona iye amaziona pa foni yake.

Mwambo ukatha, pamakhala mnyamata kapena mtsikana amene amabwerera kumudzi mtima utatengeka. Iye wamva kuti m'mizinda muli masukulu ophunzitsa kuulutsa tindeke timeneti, ndipo madzulo omwewo amapempha makolo ake kuti agulitse ng'ombe kapena kuti ampatse ndalama za nshawa ndi thonje za caka conse. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu ya sabata ino. Kodi nkoyenera kuti munthu wongoyamba kumene alipire sukulu yotere, kapena nkutaya cuma ca banja?

SI COSEWERETSA CABE

Coyamba tibvomereze kuti mwanayo sakulota zopanda pace. Tindeke timeneti tikugwira nchito zazikulu mu Africa muno. Mu Okutobala 2016 dziko la Rwanda linayamba kutumiza magazi ku zipatala za kumidzi pogwiritsa nchito tindeke ta kampani ya Zipline, ndipo mu 2019 nchito yomweyo inayambika ku Ghana. Mu 2017 Boma la Malawi pamodzi ndi bungwe la UNICEF anapatula dera la ku Kasungu, tsidya lina la malire athu a ku Lundazi, kuti likhale malo oyeserako tindeke tonyamula mankhwala ndi tojambula malo. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yochedwa African Drone and Data Academy yophunzitsa acinyamata a maiko a mu Africa.

Ngakhale m'minda tindeke tafika. Alimi onse akukumbukira mbozi zija zinalowa m'cimanga cathu kumapeto kwa caka ca 2016. Lero kuli tindeke tikulu-tikulu tonyamula malita 30 kapena 40 a mankhwala, topopera munda kucokera kumwamba popanda munthu kuponda mbeu. Ku Tanzania oyang'anira nyama za m'chire agwiritsapo nchito tindeke pothamangitsa njobvu m'minda ya anthu, pakuti njobvu zimathawa zikamva kulira kwake. Anzathu a ku Malambo, amene amagona m'minda kulonda cimanga, akudziwa bwino kukula kwa thandizo lotere.

Motero nchito ilipo. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo tione.

ZALA ZIMAPHUNZIRA ZOKHA

Anthu ambiri amaganiza kuti cobvuta kwambiri ndico kuulutsa kandekeko. Zoona zake nzakuti tindeke ta masiku ano timadzithandiza tokha. M'kati mwake muli kacipangizo kolandira mauthenga a GPS, kotero kuti woyendetsa akacotsa zala pa kabokosi, kandeke kamaima phee m'mlengalenga. Tambiri timathanso kubwerera tokha pamalo pamene tinanyamukira ngati batire yatsala pang'ono kapena ngati kulumikizana kwaduka.

Pa kabokosi pali timitengo tiwiri. Kawiri-kawiri ka kumanzere ndi kokweza, kutsitsa ndi kutembenuza, pamene ka kumanja ndi kopititsa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Cimene cimasokoneza woyamba ndi ici: kandeke kakatembenuka nkuyang'ana kwa iye, kumanja kwake kumasanduka kumanzere. Ambiri amaombetsa ku mtengo pa cifukwa cimeneci. Koma bvuto limeneli limatha ndi kuyeseza, monga mmene mwana amaphunzirira njinga pabwalo la mpira. Aliponso maprogramu a pa foni ndi pa kompyuta oyesezera kuulutsa, ena aulere, amene munthu angagwetse kandeke kambirimbiri osataya ngakhale ngwee imodzi.

Cotero ngati colinga ca mwana wanu ndi kungodziwa kukweza ndi kutsitsa kandeke, ng'ombe isacoke m'khola. Luso limenelo angalitole kwa mnzace amene ali nako kale, kapena pa kandeke kochipa kophunzirira.

ZIMENE SUKULU YABWINO IMAPATSA

Nanga ndalama za sukulu zimagula ciani? Zimagula zinthu zitatu zimene zala sizingaphunzire zokha.

Cinthu coyamba ndi lamulo. Kumwamba kumaoneka ngati kulibe mwini, koma kuli malamulo monga a pa mseu. M'dziko lathu woyang'anira za m'mlengalenga ndi bungwe la Zambia Civil Aviation Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012. Pamaso pa bungweli drone ndi ndeke ndithu, ngakhale ikhale yaing'ono. Munthu wofuna kupeza nayo ndalama afunika kuilembetsa, ndipo iye mwini afunika laisensi yochedwa Remote Pilot Licence. Laisensiyo imapatsidwa kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposapo, amene wapimidwa ndi dokotala, wapambana mayeso olemba m'Cingelezi, ndiponso waonetsa pamaso pa woyesa kuti amatha kuulutsa bwino. Amene ayendetsa bizinesi yeniyeniyo afunikanso cilolezo cace capadera.

Malamulowa sanaikidwe pofuna kubvutitsa anthu. Mu Disembala 2018, pa bwalo la ndeke la Gatwick kufupi ndi London, anthu ananena kuti aona tindeke ta drone tikuuluka pafupi ndi ponyamukira ndeke. Bwalo linatsekedwa, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonezeka, ndipo anthu okwanira 140,000 anabvutika pa nyengo ya Khrisimasi. Kandeke kolemera ngati nkhuku kangaononge injini kapena galasi la ndeke yonyamula anthu. Nchifukwa cace maiko ambiri saloleza kupitirira mamita 120 kupita m'mwamba, kuulutsa pamwamba pa khamu la anthu, kapena kutali kumene maso a woyendetsa sangakaone. Kwathu kuno tili ndi mabwalo a ndeke ku Chipata ndi ku Mfuwe, tili ndi malo a asilikali, ndende, malire a dziko monga pa Mwami, ndi nkhalango zosungirako nyama monga South Luangwa. Woulutsa m'malo otere popanda cilolezo angalandidwe kandeke kace ndi kukaonekera kukhoti. Safunsa anadya phula.

Cinthu caciwiri ndi kudziwa nyengo ndi makina. Mphepo ya kumwamba imakhala yamphamvu koposa imene timamva pansi, makamaka m'mwezi wa Ogasiti. Wosaphunzira amatumiza kandeke kutali motsatana ndi mphepo, ndipo pobwerera kamalimbana nayo mpaka batire kutha, nkugwera m'chire. Wophunzira amapita molimbana ndi mphepo kuti pobwerera imuthandize. Batire ya kandeke wamba imatha pakati pa mphindi 20 ndi 30 cabe. Ikasiyidwa padzuwa la mu Okutobala imaonongeka, ndipo ikatupa ingathe kuyaka moto wobvuta kuzima, cinthu coopsa m'nyumba ya udzu. Palinso mawaya a magetsi amene saoneka bwino pa foni, ndi mbalame monga akabawi ndi nkhwazi zimene zimalimbana ndi mlendo wolowa m'dera lao. Mphunzitsi wabwino amazoloweretsa wophunzira kuyang'ana mapiko, batire, mphepo ndi malo asananyamuke, ndi kulemba ulendo uliwonse m'buku.

Cinthu cacitatu ndi citupa comwe. Makampani a migodi, mafamu akulu, mabungwe ndi maofesi a Boma sapereka nchito kwa munthu wopanda laisensi, cifukwa ngozi ikacitika mlandu umagwera iwo. A inshuwalansi naonso amafunsa citupa. Ku America, kuyambira mu Ogasiti 2016, munthu amangolemba mayeso a mafunso 60 popanda kuyesedwa kuulutsa, ndipo ambiri amawerenga okha kunyumba. Acinyamata athu amamva zimenezi pa intaneti naganiza kuti sukulu njosafunika. Koma limenelo ndi lamulo la ku America. Kuno, monganso ku South Africa kumene malamulo otere anayamba mu 2015, njira ya laisensi imadzera ku sukulu yobvomerezedwa.

CITUPA SICILIMA MUNDA

Tsono pano ndi pamene makolo ayenera kuchera khutu. Laisensi imalola munthu kugwira nchito, koma siimfunira nchitoyo. Palibe amene amalipira munthu cifukwa cakuti kandeke kace kauluka. Mlimi amalipira kuti mbozi zife. Wopima malo amalipira mapu olondola. Mwini ukwati amalipira zithunzi zokongola zolumikizidwa bwino. Kandeke kali ngati ngolo: kufunika kwace kumaoneka ndi katundu amene yanyamula.

Onani dzina la sukulu ija ya ku Lilongwe. M'dzinamo muli mau akuti Data, ndiko kuti nkhani ndi ziwerengero zotengedwa pa zithunzi. Ophunzira ace amaphunzira kupanga tindeke, kutiulutsa, ndi kusandutsa zithunzi kukhala mapu oonetsa kumene madzi angasefukire kapena kumene udzudzu ukuswana. Ku Zanzibar nakonso, kuyambira mu 2016, ophunzira a pa yunivesite ndi anchito a Boma anajambula zisumbu zao ndi tindeke, ndipo cimene cinatsala m'manja mwa Boma ndi mapu.

Cotero amene amapindula msanga ndi sukulu yolipira ndi uja ali kale ndi nchito m'manja: mlangizi wa zamalimidwe, wopima malo, wojambula zithunzi, woyang'anira nyama kapena nkhalango. Kwa iyeyu kandeke kamaonjezera pa cimene ali naco. Koma amene angotuluka kumene sukulu, wopanda luso lina, angabwere ndi citupa nkucipacika pa khoma, ng'ombe itapita.

Tisaiwalenso kuti malipiro a sukulu ndi ciyambi cabe. Walira mvula walira matope. Pali ndalama za ulendo, malo ogona ndi cakudya mumzinda, za dokotala, za mayeso ndi za laisensi, imenenso imafuna kukonzedwanso nthawi yace ikatha. Pambuyo pace pafunika kandeke keni-keni, mabatire angapo, mapiko apadera, foni yabwino kapena kompyuta, ndi magetsi kapena sola yochajira. Kandeke kopopera mankhwala nkodula kwambiri, kotero kuti ndi kampani kapena kopaletivu imene ingakagule, osati banja limodzi.

MAFUNSO OFUNSA MUSANALIPIRE

Ngati mwaganiza bwino ndipo mwaona kuti mwana apite, funsani izi ndalama zisanacoke m'thumba.

Kodi sukuluyo njobvomerezedwa ndi Zambia Civil Aviation Authority? Pemphani kuona kalata yace, ndipo mufunsenso ku bungwelo. Pepala longonena kuti munthu anapezekapo pa maphunziro si laisensi iyai, ngakhale likhale ndi zidindo zokongola.

Kodi wophunzira aliyense adzagwira kabokosi maola angati? Kuonerera mphunzitsi akuulutsa pakati pa gulu la anthu ambiri sikuphunzira.

Kodi malipiro akuphatikiza mayeso ndi laisensi, kapena padzakhala zina zolipira pambuyo? Zonse zilembedwe, ndipo mulandire lisiti.

Kodi amene anatsiriza pa sukuluyo akugwira nchito kuti? Pemphani kulankhula ndi mmodzi kapena awiri. Cenjerani ndi aliyense wolonjeza nchito ya malipiro akulu pakangotha masiku owerengeka, ndiponso wofuna kuti mutumize ndalama pa foni musanaone ofesi yace.

Ndipo funso lomaliza mufunse mwana wanu: kodi ukabwerako, munthu woyamba kukulipira adzakhala yani, ndipo adzalipira ciani? Ngati ayankha mochula famu, kopaletivu kapena nchito yodziwika, pali ciyembekezo. Ngati angoti nchito idzapezeka, nthawi siinakwane.

YAMBANI NDI ZOCHIPA

Njira yanzeru ndi kuyamba ndi zochipa. Mwana ayambe wayeseza pa foni kwa miyezi ingapo. Awerenge malamulo a bungwe la za ndeke, amene amapezeka pa intaneti, nalimbikire Cingelezi ndi masamu. Apemphe kuthandiza munthu amene ali kale ndi laisensi, kumunyamulira mabatire ndi kuyang'anira kumwamba, kuti aone ngati nchitoyo amaikondadi ikakhala ya padzuwa ndi pafumbi. Achere khutu ku mabungwe amene nthawi zina amalipirira acinyamata maphunziro otere, atsikana pamodzi ndi anyamata. Ndipo pamene alimi agwirizana m'kopaletivu, nkwapafupi kuti onse asonkhe ndi kutumiza mmodzi wodalirika amene adzatumikira minda ya onse, kusiyana ndi kuti banja limodzi lisenze mtolo wonse.

Tsono kwa wongofuna kusewera, sukulu yolipira njosafunika, ngakhale kuti malamulo ayenera kuwadziwa ndi kuwasunga. Kwa wofuna kudyerapo, sukulu yobvomerezedwa njosathawika, koma ifike pambuyo pa luso ndi pambuyo podziwa amene adzagula nchitoyo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Masukulu amenewa adzakhalapo ndi caka camawa, pamene ng'ombe yogulitsidwa nthawi ya dzinja ili pafupi imasiya munda wosalima.