MAGALASI OONERA MBALAME: MUSANYENGEDWE NDI KUKULA KWACE

Caka ndi caka, m'miyezi ya September ndi October, alendo ocokera ku maiko akutali amafika ku Mfuwe kudzaona mbalame zofiira zochedwa fulagombe, zimene zimakumba zisa zao m'magombe a mtsinje wa Luangwa. Nkhalango ya South Luangwa, imene Boma linaikhazikitsa kukhala National Park mu 1972, ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400. Acinyamata odziwa mbalamezi amapeza nchito yoperekeza alendo, ndipo ana a sukulu a m'magulu a Chongololo amaziphunzira akali aang'ono. Onsewa asowa cida cimodzi, ndico magalasi oonera kutali, amene ena amati mabainokyula.

Ndalama za mlimi zimabwera ndi thukuta, cotero kholo kapena mphunzitsi wofuna kugula magalasiwa ayenera kuyamba wamvetsa manambala awiri olembedwa pamwamba pace, monga 8x32. Nambala yoyamba ikunena za mphamvu yokokera cinthu pafupi. Pa magalasi a 8, nkhwazi yokhala pa mtunda wa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Nambala yaciwiri ndi kukula kwa galasi la kutsogolo, kopimidwa m'mamilimita. Galasi limeneli ndilo limalowetsa kuwala.

Ambiri amaganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Si conco ai. Mphamvu ikaposa 10, kunjenjemera kwa manja kumakulanso, malo ooneka amacepa, ndipo kambalame konga timba kamauluka munthu asanakapeze. Magalasi a 10x50 amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo pofika masana khosi lili gwa. A 8x32 amalemera pafupifupi theka la kilogalamu, pamene a 8x25 amapepuka koposa ndipo amalowa m'thumba la jekete.

Komabe kucepetsa kuli ndi malire ace. Mukagawa nambala yaciwiri ndi yoyamba mudziwa kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso: 8x32 apatsa mamilimita 4, pamene 8x25 apatsa pafupifupi mamilimita 3 okha. Masana onse awiri amaonetsa bwino, koma m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene mbalame zimayendayenda kwambiri, a 8x32 ndiwo amawala. Cotero wofuna nchito yoperekeza alendo asankhe 8x32, ndipo a 8x25 akwanira ana a sukulu, amene manja ao ndi aang'ono.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa misika pamapezeka magalasi onyezimira a mtengo wotsika, olembedwa manambala akuluakulu. Musapereke ndalama musanawayese panja. Pindani pakati kufikira maso onse awiri aona bwalo limodzi. Penyani mtengo wakutali. Ngati uoneka pawiri, kapena maso ayamba kuwawa, magalasiwo ndi opotoka m'kati ndipo adzakupatsani mutu. Zungulizani kagudumu ka pakati, muone ngati kayenda mosalimba. Penyaninso cinthu ca pafupi, monga pa mamita 3, pakuti mbalame zina zimatera pa citsamba ca pafupi. Ovala mandala asankhe magalasi okhala ndi mphira za ku maso zopindika. Funsaninso ngati salowa madzi, cifukwa cinyezi ca dzinja cimameretsa nkhungu m'kati, ndipo fumbi la cilimwe limalowa paliponse.

Mukagula, asungeni pouma. Yambani mwauzira fumbi musanapukute, ndipo pukutani ndi kansalu kofewa, osati m'phepete mwa citenje kapena malaya, pakuti mcenga umakanda galasi. Cenjezani ana kuti asayese kupenya dzuwa ndi magalasiwa, cifukwa diso lingathe kupsa ndi kucita khungu.

Magalasi amodzi osankhidwa bwino angathe kutumikira gulu lonse la sukulu kwa zaka zambiri. Mwana amene waona bwino nthenga za nang'omba kapena maso a nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yathu, sacedwa kuika pansi legeni ndi kuyamba kufunsa maina a mbalame kwa agogo ace. Nzeru zimenezo ndizo zimene alendo a ku Luangwa amalipira.