Wotseka kumbuyo ntchito yake si kuchotsa kokha

Pa mabwalo a m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo, wotseka kumbuyo amene anthu amamuchemerera ndi uja amati mpira ukangomufika amaumenya mpaka kukagwera m'munda wa tiyi, ana n'kuyamba kuufunafuna. Bwalo lonse limakuwa kuti "Chotsa!" ndipo iye amachotsadi. Ine ndimaphunzitsa anyamata otseka kumbuyo, ndipo ndimawauza kuti kuchotsa ndi kachigawo kochepa ka ntchito yawo. Ntchito yeniyeni imagwirika mpira uli kutali, pamene palibe akuwayang'ana.

Kuti amvetse ndimawasimbira za wotseka kumbuyo wina wakale, Bob Crompton. Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1879 ku Blackburn, tauni ya mafakitale owomba nsalu ku England, ndipo ntchito imene anaphunzira inali yolumikiza mapaipi a madzi. Anali munthu wogwira ntchito ndi manja, ngati anyamata anga omwe mmawa amakhala atabereka dengu. Anasewera timu imodzi yokha, Blackburn Rovers, kuyambira 1896 mpaka 1920, masewero a ligi oposa 500. Timuyo inatenga ligi mu 1912 ndi 1914 iye ali kaputeni. Dziko lake analisewerera ka 41, ndipo panalibe anamuposa mpaka Billy Wright mu 1952. Chuma sanachipezere m'bwalo, poti mu 1901 kunabwera lamulo loletsa timu kulipira wosewera ndalama zoposa mapaundi 4 pa sabata. Mu 1928 anatengetsa timu yomweyo chikho cha FA ali mphunzitsi.

Chomwe chimawadzidzimutsa anyamata ndi ichi: masiku a Crompton otseka kumbuyo ankakhala awiri basi. Pakati atatu, kutsogolo asanu. Awiri angatseke bwanji anthu asanu? Atatu apakati ankathandiza, komanso lamulo la ofusaidi linali mbali yawo. Nthawi imeneyo wakutsogolo ankayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo pamene mnzake akumupatsira mpira. Goloboyi mmodzi, otseka kumbuyo awiri. Choncho mmodzi mwa awiriwo akangosendera kutsogolo pang'ono, womwetsa zigoli watsala mu ofusaidi, wenzulo yalira. Amene anaukhwimitsa msamphawu anali Bill McCracken wa ku Belfast ndi mnzake Frank Hudspeth ku Newcastle United. Zigoli zinayamba kusowa, ndipo mu 1925, patangopita zaka ziwiri chikhazikitsireni esiteti ya Satemwa kuno, lamulo linasintha: adani awiri akwanira. Zigoli za mu ligi yaikulu ya England zinalumpha kuchoka pa 1,192 kufika pa 1,703 m'chaka chimodzi.

Apa m'pamene panabadwira nambala 5 amene timamudziwa ife. Herbert Chapman wa Arsenal anatenga wosewera wapakati penipeni n'kumubweza kumbuyo kuti azitseka pakati pa nambala 2 ndi nambala 3. Ndiye chifukwa chake nambala 5 wabwino ayenera kudziwa kupatsira mpira mwaukhondo. Kwawo n'pakati.

Ndiye ine ndimaphunzitsa chiyani? Choyamba mzere. Anayi akumbuyo ayenera kuyenda ngati othyola tiyi pamzere: wina akatsalira, pamatsala mpata, ndipo wotsalirayo ndi amene amapulumutsa mdani ku ofusaidi. Timamanga chingwe m'chiuno mwa anayiwo, ine n'kumayenda ndi mpira kumanja ndi kumanzere, iwo n'kumasendera limodzi. Chingwe chikakoka wina kapena chikakhwepa, ndiye kuti wina wagona. Mmodzi yekha ndiye amalankhula, "Tuluka!" kapena "Bwerera!", enawo amamvera osatsutsa.

Chachiwiri ndi kaimidwe. Mdani akamabwera ndi mpira, usaime moyang'anizana naye miyendo ili tang'a. Ima cham'mbali, mawondo opinda, maso pa mpira osati pa mapewa ake ovinavina. Mukankhire ku mzere wa m'mbali, ku mwendo wake wofooka. Usathamangire kuponya mwendo. Kumuchedwetsa masekondi atatu okha kumapatsa anzako nthawi yobwerera, ndipo ntchito wagwira ngakhale mpira sunaukhudze. Kugwetsa thupi pansi pofuna kulanda mpira ndi njira yomaliza, makamaka pa mabwalo athu a dothi lofiira omwe m'chilimwe amasupula khungu, m'dzinja amaterera.

Zimandipweteka ndikamaona mnyamata wamutu wabwino akunyozedwa kuti ndi wamantha chifukwa malaya ake sanade. Kawirikawiri ameneyo ndi amene anauona mpira usanamenyedwe n'kukaima pomwe ugwere. Malemu Jack Chamangwana, amene anachoka ku Wanderers kupita ku Kaizer Chiefs, ndi Peter Mponda, amene anatsogolera Flames pamene inakwapula Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, sitiwakumbukira chifukwa chothyola anthu miyendo. Ankauwerenga mpira.

Vuto lathu lalikulu m'maesiteti ndi lakuti masewero ambiri amachitika ndi woyimbira mmodzi, opanda onyamula mbendera m'mbali. Woyimbira ali pakati pa bwalo sangaone mzere. Anyamata akatuluka bwino, wenzulo osalira, chigoli n'kulowa, sabata yamawa amabwerera kukaunjikana pagolo n'kumangochotsa. Zonse zomwe taphunzira zimathera pomwepo.

Inu akuluakulu okonza zikho za m'maesiteti ndi m'midzi, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Luchenza, pa ndalama za mphoto patulaniko pang'ono za anthu awiri odziwa lamulo ndi mbendera ziwiri. Mukatero tidzakupatsani otseka kumbuyo oti matimu a Super League adzabwere okha kudzawafunsira.